Kumene Ukali Wanga Unkachokera

Fabiano mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi kuntchito kuno, pa benchi ya kuseri kwa chipinda cha mankhwala, dzuwa lili pamutu. Mabala a odwala a m'mawa ndamaliza kutsuka, koma anthu akubwerabe mmodzimmodzi, choncho ukaona zilembo zikusintha udziwe kuti ndinanyamuka n'kubwereranso. Kunena zoona, ngakhale pakanapanda odwala sindikanakhazikika. Chiyambire Lolemba thupi langa likukana mpando. Dzulo ndinasesa khonde la chipatala kawiri, ntchito yosakhala yanga, mpaka anamwino anandifunsa ngati ndikudwala.

Udabwa kuti bambo ako akukulembera kalata chikhalirecho timadyera mbale imodzi. Koma ukudziwa, inenso ndikudziwa, kuti ine ndi iwe sititha kucheza. Timauzana za mbuzi, za munda, za tayala la njinga, zikatha zimenezo aliyense amayang'ana kwake. Mawa ukupita ku Limbe kukakwera sitima, ukaphunzire uphunzitsi, ndipo sitionananso mpaka mvula itagwa n'kukata. Amayi ako akulangiza kale za zovala ndi za kupita ku Misa. Amalume ako nawonso akuuza zawo. Ine ndili ndi chinthu chimodzi chokha, ndipo ndichibwereza mpaka utope nacho: udzidziwe wekha, mwana wanga.

Pa pepala la maphunziro amene ukaphunzire kumeneko pali mawu amodzi amene ndinawazindikira, akuti saikoloje. Mawu amenewa ndinawamva koyamba m'chipatala muno, kwa Sisitere Matilida, mzungu amene ankatiyang'anira iwe usanabadwe. Anati ndi phunziro la m'mene mtima ndi maganizo a munthu zimayendera: chimene chimamukwiyitsa, chimene chimamuopsa, ndi chifukwa chake amachita zinthu zimene mwini wake akudana nazo. Kumeneko akakuphunzitsa zimenezi kuti uziwadziwa ana a eni ake. Ine ndikuti mankhwala amenewo uyambe walawa wekha usanamwetse mwana wa mwini. Sindinawerenge buku lake ine. Pang'ono pamene ndikudziwapo ndinapaphunzira pogwa, ndipo ndikufuna ndikuonetse malo amene ndinagwera.

Ndiyambe ndi zakale. Anganga ako, amayi anga, anachoka m'dziko la Apwitikizi ali mtsikana, akuthawa nkhanza za kumeneko, nadzakhala ku Likoswe. Anamwalira osachidziwa bwino Chinyanja, monga ukukumbukira. Kunyumba tinkayankhula Chilomwe chokhachokha. Chinyanja ndinakachipezera kusukulu, ndipo lilime langa linkaterereka nacho. Ndili ndi zaka ngati khumi ndi zisanu, Abambo a ku mishoni anabwera kudzamva m'mene timawerengera, chifukwa ankafuna anyamata awiri oti akaphunzire uphunzitsi. Pa masamu panalibe wondiposa, ndipo aphunzitsi anandiimiritsa poyamba monyadira. Ndinawerenga bwinobwino mizere itatu. Pamene buku linati Mulungu, pakamwa panga panatuluka Muluku, monga amanenera amayi popemphera. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Wina kumbuyo anati kalongonda, nyemba zathu za Alomwe zija, wamulowa m'lilime Mnguruyo, dzina lotinyozera ife. Aphunzitsi anabisa nkhope m'buku, koma mapewa awo ndinawaona akugwedezeka.

Mayeso enieni anali sabata yotsatira, ndipo ine sindinapiteko. Ndinadzuka, ndinasamba, ndinayenda mpaka pa mtsinje, pomwepo miyendo inakana. Ndinalowa m'munda wa nandolo wa anthu osawadziwa n'kukhala momwemo mpaka dzuwa kupendeka. Anasankha anyamata ena awiri. Kuyambira pamenepo ndinkauza aliyense kuti anandisiya chifukwa ndine Mlomwe. Ndinanena kambirimbiri mpaka ndinayamba kukhulupirira ndekha. Iwenso ndi zimene unamva kwa amalume ako uli mwana, ndipo ine sindinakuwongolere. Lero ndikuwongola. Palibe anandisiya. Ndinadzichotsa ndekha poopa kusekedwa kachiwiri. Fabiano, bodza limene wanamiza mnzako umalikumbukira kuti ndi bodza, koma limene wadzinamiza wekha limasanduka mbiri yako. Lichenjerere limenelo.

Nditapeza ntchito yotsuka mabala kuno, ndinabisa Chilomwe changa ngati nthenda. Ndinaphunzira kuyankhula Chinyanja chosalala kuposa eni ake. Tinali ndi mnzathu wina pantchito, dzina lake Matiyasi, munthu wanthabwala, amene ankakonda kuyeseza m'mene odwala achilomwe amayankhulira. Akayamba, onse ankagwira nthiti, ndipo woseka mokweza kuposa onse ndinali ine.

Tsiku lina m'miyezi ya njala kunabwera mayi wina wochokera cha ku Namitambo atabereka kamtsikana ka zaka ngati zisanu. Mwanayo ankasanza, akubwebweta, maso akutembenuzika. Mayiyo sankadziwa Chinyanja ngakhale pang'ono. Ankangoyankhula mofulumira, akuloza pakamwa pa mwana. Sisitere Matilida anatiyang'ana tonse nati, "Ndani pano akumva chimene mayiyu akunena?"

Ine ndinamva mawu alionse. Amati anasiya kalongonda pamoto n'kupita kumadzi, mwana wanjala n'kuvundukula mphika, n'kudya. Iwe ukudziwa kuti nyemba zimenezi zimafuna kuphika tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi zimazunguza mutu ndipo zimatha kupha. Koma Matiyasi anali ataima pambali panga. Kuti nditsekule pakamwa, ndikanaulula kuti ndine Mlomwe, ndipo mawu oyamba otuluka akanakhala kalongonda yemweyo. Ndinati, "Sindikumva, Sisitere."

Sisitere anakayikira, poti thupi la mwana silinali lotentha kwenikweni, koma popanda wowauza anachita chimene ankadziwa, anamupatsa kwinini wa malungo. Mayi uja anandiyang'anitsitsa. Ndikhulupirira anandizindikira. Anagwira malaya anga n'kubwereza zonse pang'onopang'ono, monga umachitira poyankhula ndi m'bale wako. Ndinachotsa dzanja lake. Dzuwa litapendeka, Matiyasi atachokapo, ndinauza Sisitere ngati maganizo anga chabe kuti mwina mwanayu wadya china chake. Anayesa zimene akanatha. Mwana anamwalira tsiku lotsatira, ndipo mayi wake anamubereka kumsana monga anabwera naye, n'kubwerera ku Namitambo wapansi. Dzina la mwanayo sindinalifunse. Mpaka lero sindilidziwa.

Patapita masabata awiri anganga ako anabwera kudzandiona atasenza dengu la chinangwa. Anandiona patali n'kufuula kuti "Moseliwa," moni wa kwathu. Ndinawakokera kuseri kwa khitchini, tinacheza m'Chilomwe monong'ona, osadziwa kuti Sisitere akuyanika nsalu kuseri kwa mpanda.

Mawa lake anandiitanira m'chipinda chokulungira mabandeji. Ndinalowa ndikudziwa kuti ntchito yatha. Iwo anandipatsa mulu wa nsalu kuti ndizikulunga, nawonso anatenga wawo. Anati sandichotsa ntchito. Anati ngati mwana uja akanachira kapena ayi, adziwa ndi Mulungu yekha, ndipo za tchimo langa ndikakambe ndi Abambo ku kulapa. Kenaka anati, "Lukasi, chimene unachita ndikuchidziwa. Ndikufuna undiuze china. Pamene ndinafunsa funso lija, usanayankhe, unamva chiyani m'thupi mwako?"

Ndinati sindinamve kanthu. Sanatsutse. Anangopitiriza kukulunga, ine ndikukulunga, mpaka chete uja anandilemera. Ndiye ndinati makutu anatentha, ndipo m'kamwa munauma.

"Unayamba wamvapo choncho liti?"

Ndinatsekula pakamwa kuti ndinene kuti sindinamvepo, koma nthawi yomweyo ndinadziona nditaima m'kalasi muja, buku lili m'manja, mapewa a aphunzitsi akugwedezeka. Ndinawafotokozera zonse, ndi za munda wa nandolo zomwe, zimene ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinalira, mwamuna wamkulu, nsalu za odwala zili pamiyendo. Apo m'pamene ananditchulira phunziro lija. Anati iwo analiwerengako pang'ono kwawo, ndipo anandifunsa zimene ndimachita munthu akabwera akudandaula mwanabere m'mphechepeche. Ndinati ndimayang'ana kuphazi, chifukwa bala limakhala kumeneko. Anati mtima nawonso ndi chimodzimodzi: pamene pakupweteka lero pamangokuuza kuti penapake pali bala lakale, ndipo ukamangotsuka pa chotupa, udzatsuka mpaka kukalamba.

Mafunso awiri amenewo ndiwo chuma chonse chimene ndikukupatsa. Ukaona kuti wapsa mtima kuposa m'mene nkhaniyo ikukulira, kapena ukuthawa chinthu chaching'ono, kapena wanena bodza lopanda phindu, ima. Dzifunse kuti, ndikumva chiyani m'thupi? Kenaka, ndinayamba ndamvapo choncho liti? Thupi silidziwa kunama, Fabiano. Pakamwa padzakuuza kuti ulibe mantha, koma manja adzakhala akutuluka thukuta. Khulupirira manjawo.

Ndinaima kaye. Kunabwera bambo wina amene anadzitema ndi nkhwangwa pa bondo. Ndamumanga, wapita. Ndayesa kumwa madzi, ndazungulira mtengo wa mango uli apawu, ndabwereranso. Zimene zatsala n'zovuta kuposa zimene ndalemba.

Chichokereni m'chipinda chija ndinayamba kumasulira odwala achilomwe poyera. Matiyasi anaseka tsiku loyamba, lachiwiri anaseka pang'ono, pofika sabata yotsatira ankandiitana yekha akasowa chonena ndi wodwala. Chinthu chimene chinandilanda sukulu, chimene ndinasiyira mwana wa mwini kufa, chinatha m'masiku asanu ndi awiri. Ndinakwatira amayi ako, ndinakamanga nyumba kwawo ku Mauwa, iwe unabadwa. Ndinkayesa kuti ndachira. Apa m'pamene pali phunziro lachiwiri: kudziwa bala sikulipoletsa tsiku lomwelo, ndipo munthu amene akuti ndadzidziwa tsopano ndiye ali pafupi kugwanso.

Ukukumbukira tsiku lija ku Likoswe, nthawi yokolola, uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndikudziwa ukukumbukira, ngakhale sitinalitchulepo. Unaima pabwalo ukuyeseza m'mene anganga ako amayankhulira Chinyanja, asuweni ako akugubuduka ndi chiseko. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe. Sindikumbukira m'mene ndinafikira pa iwe. Ndimangokumbukira mtengo wa chinangwa uli m'manja mwanga, ndikukumenya mpaka unathyoka. Ndinkakalipa kuti mwana wopanda mwambo, wonyoza akuluakulu. M'mtima ndinkadziona ngati munthu woteteza mayi wake. Anganga ako anakulanda m'manja mwanga, anakupukuta misozi, kenaka ananditembenukira nati m'Chilomwe, "Mwanayu amaseka ndi ine, inenso ndimaseka naye. Amene amachita nane manyazi ndi iwe."

Anali akuseka nawo, Fabiano. Ine sindinaone. Ndinangomva chiseko ndi Chinyanja chokhota, makutu n'kutentha. Ndinamenya iwe chifukwa cha anyamata a m'kalasi amene panthawiyo anali madoda a ndevu. Akuluakulu amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo ine mwambi umenewu ndinkaunena kwa ena, osadziwa kuti ukunena ine. Sindinakupepese. Ndinaganiza kuti mwana amaiwala. Ndikupepesa lero, mochedwa zaka khumi ndi ziwiri.

Ndikulemba zimenezi chifukwa posachedwa ukhala ndi ndodo m'manja ndi ana makumi angapo patsogolo pako. Tsiku lina udzalakwitsa mawu pa bolodi, kapena udzapunthwa polowa, ana adzaseka. Dzanja lidzafuna kukwera lokha. Usanalikweze dzifunse kuti ukumenya ndani. Ndipo mwana wina akadzaterereka lilime powerenga, kaya ndi Mlomwe, kaya ndi Myao, anzake n'kuseka, iwe usadzabise nkhope m'buku. Mwanayo adzakhala akuyang'ana mapewa ako.

Tsopano ndinene za iwe, ndipo undikhululukire ngati ndikulakwitsa. Iwe sunatenge ukali wanga. Unatenga chete. Munthu akakulakwira sumuyankha, umatenga khasu n'kupita kumunda ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ukabwerako umati palibe kanthu. Anthu amakutama kuti ndiwe wofatsa. Ine ndimaona nsagwada zako zikulumana. Ndikuganiza kuti chete ameneyu unayamba naye tsiku lija ku Likoswe, koma mwina ayi, wodziwa ndiwe. Chimene ndikuopa n'chakuti zimene umameza sizisungunuka, zimangodikira, ndipo zimadzatulukira pa munthu wosalakwa. Kusukuluko kulibe munda wothawirako. Upeze mnzako mmodzi woti uzimuuza zoona, kapena ugule kope lapadera, uzilembamo tsiku limene wapsa mtima: chinachitika n'chiyani, unamva chiyani, chikufanana ndi chiyani chakale. Ukadzawerenga patapita miyezi udzaona kuti nkhani zambirizo ndi nkhani imodzi yovala malaya osiyanasiyana.

Koma usadzachite monga ndinachitira ine ndi amayi ako. Nditaphunzira mafunso a Sisitere ndinayamba kuwayesa pa aliyense. Wina akakwiya kumsika, ine ndinkadziwa kale chifukwa chake. Chaka china mvula itayamba, amayi ako anakhala masiku atatu osandiyankhula bwino. Ine ndinawakhazika pansi n'kuyamba kuwafotokozera modekha kuti mkwiyo wawo ukuchokera kutali, kuti bambo awo anawasiya ali aang'ono, ndiye amaopa kusiyidwa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Bambo a Fabiano, mwaona zonsezo m'mtima mwanga, koma simunaone kuti denga likudonthera pa mphasa ya mwana. Ndakuuzani katatu." Ndinapita kukamweta udzu tsiku lomwelo. Anyani amasekana zikundu, mwana wanga. Nzeru imeneyi ukaitembenuzira kwa anzako imasanduka mwano, ndipo imakupatsa njira yatsopano yothawira zolakwa zako. Nthawi zina munthu wakwiya chifukwa wamulakwiradi. Konza dengalo.

Ndanyamukanso popanda wondiitana. Ndakonza mabotolo amene anali okonzeka kale. Ndakhala ndikuzungulira chinthu chimodzi chiyambire pamwamba pa kalatayi, ndipo pepala likutha. Ndilembe basi.

Kalata yokuitana kusukulu sinachedwe panjira monga ndinakuuzira. A Sitefano, amene amakatenga makalata a mishoni ku boma pa njinga, anandipatsa ine m'manja tsiku lomwe inafika, kuti ndikupatsire kunyumba. Ndinaona chidindo, ndinadziwa. Ndinaitsekula, ndinawerenga, ndinaimatanso, n'kuiika kuseri kwa mabotolo m'kabati ya mankhwala. Inakhala mmenemo masabata atatu.

Tsiku lililonse ndinali ndi chifukwa chabwino. Ndinkati chifuwa cha amayi ako sichinapole, munda ulima ndani. Ndinkati mwini sitolo wa ku Namitambo anali atanena kale kuti akufuna mnyamata wodziwa kulemba, bwanji ungokhala pafupi. Ndinkati ndikupatsa mawa, lero watopa. Zifukwa zonsezo zinali ndi kachoonadi mkati mwake, n'chifukwa chake zinandigwira. Madzulo ndinkakuona ukuyang'ana kunjira, ukufunsa ngati kwabwera kanthu, ine n'kumati ayi. Ndinaitulutsa pokhapokha Abambo atandifunsa pakhomo la tchalitchi ngati Fabiano wayankha kale, poti nthawi yoyankhira ikutha. Ndinabwera nayo kunyumba n'kunena kuti yangondipeza kumene, poti a Sitefano anaiiwala m'thumba.

Zotsatira zake ukuzidziwa kuposa ine. Unapalasa njinga mpaka ku boma mvula ikugwa kukatumiza yankho la telegalamu pa waya, malo ako atatsala pang'ono kupatsidwa kwa wina. Pobwerera unakumana ndi a Sitefano pa msika wa Mauwa, ndipo iwe wosayankhula uja unawakalipira pamaso pa anthu, kuti ulesi wawo ukanakuphera tsogolo. Munthu wa imvi, amene anakunyamulapo pa njinga yake uli wakhanda. Anthu amene analipo anandiuza kuti sanayankhe kanthu, anangokankha njinga n'kumapita. Ine ndinamva zonsezo n'kukhala chete. Chiyambire pamenepo suwapatsa moni.

Sabata ino m'pamene ndadzifunsa mafunso aja, zaka zonsezi ndikuwadziwa. Ndinamva chiyani nditawerenga dzina lako m'kalatamo? Chifuwa chinathina. Ndinayamba ndamvapo choncho liti? Tsiku limene anyamata awiri aja ankapita kukaphunzira uphunzitsi, atasenza mabokosi, mudzi wonse ukuwaperekeza, ine nditabisala kuseri kwa nyumba ndikusuzumira. Inali nsanje, Fabiano. Bambo kuchitira nsanje mwana wobereka yekha. Kunyadira kunaliponso, usaganize kuti kunalibe. Ndinawerenga dzina lako katatu ndikumwetulira ndekha m'chipinda cha mankhwala. Ziwirizi zinakhala m'chifuwa chimodzi, ndipo chimene sindinafune kuchiyang'ana ndicho chinagwira dzanja langa. Ndi m'mene zimakhalira. Chimene wakana kuchiona mwa iwe ndicho chimakulamula.

Ndinasiya cholembera pamenepa. Ndinapempha anamwino kuti andiyang'anirireko odwala, ndinapita kwa a Sitefano kuseri kwa sukulu. Ndangobwerako kumene, thukuta silinaume.

Ndinawapeza akumata chubu cha njinga pansi pa mtengo. Ndinakhala pansi, ndinayamba kuzungulira, za mvula, za mitengo ya zinthu, iwo akungoviika chubu m'beseni kufuna pobooka. Potsiriza ndinanena monga ndalembera apamu, kuti kalata ndinabisa ndine, ndipo dzina lawo ndinaliipitsa dala. A Sitefano anatulutsa chubu m'madzi. Kenaka anati, "Achimwene, ndinakupatsani ine kalatayo, Lachiwiri, muli pa khonde. Mukuyesa ndinaiwala?"

Ndinawafunsa chifukwa chake sanadziteteze pa msika paja. Anati akanayankha, mwana akanadziwira pakati pa anthu kuti bambo ake ndi amene anamuchita zimenezi, ndipo zinthu zoterezi mwana ayenera kumvera kwa bambo ake, osati kwa munthu wa njinga. Anati amadikira kuti aone ngati ndidzafike. Ndinawafunsa chimene ndingachite. Anati kwa iwo palibe, koma Lamulungu ndikanene pamaso pa anthu amene anamva zija kuti thumba lawo silisunga kalata, chifukwa ena ayamba kuwafunsa za makalata awo mokayikira. Ndavomera. Ndikanena tikatuluka mu Misa, iwe utapita kale. Kenaka anati, "Mnyamatayo asapite osandipatsa moni. Ulendo wautali safuna kuuyamba ndi mfundo m'mimba."

Ndinkaganiza zokupatsa kalatayi mawa pokwera lole, kuti ukaiwerengere m'sitima, ine ndili kutali. Ndaona kuti amenewo ndi mantha omwe aja. Ndikupatsa lero ndikangofika kunyumba, dzuwa lisanalowe, ndipo ndikauza amayi ako ndi pakamwa panga iwe ukuwerenga. Njira ya kumsewu imadutsa pakhomo pa a Sitefano. Mawa uime, uchotse chipewa, uwapepese. Iwo sanakulakwire, ndipo mawu amene unawanenera anali oyenera ine.

Za ine ndi iwe sindikukakamiza kanthu. Ukafuna kundikalipira, undikalipire, ndimva, kusiyana n'kuti utenge khasu n'kunena kuti palibe kanthu. Ukafuna kukhala miyezi osandilembera, uzilembera amayi ako, ine ndiziwawerengera. Bokosi lako ndalimanga kale ndi chingwe chatsopano. Ndikufuna ndilisenze ine mpaka kumsewu. Ukakana, amalume ako alipo ndi njinga, ndipo ine ndidzaima pakhomo n'kukuyang'ana poyera mpaka utakhota pa mtsinje. Ukavomera, undidzutse tambala woyamba akalira, tinyamuke kusanatenthe.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga. Muluku, monga akananenera anganga ako.

Ndine bambo ako,
Lukasi